Kodi ma shareholder amene mabwana akumawatchula aja ndi ndani?

Dalaivala wa ku Moatize:
Abale, ndithandizeni. Ndimayendetsa lole pa kampani ina yaing'ono yonyamula katundu kuno ku Moatize, ndipo mabwana athu ndi amwenye. Tikafunsa za kukweza malipiro amangoti tidikire ma shareholder agwirizane. Kodi amenewa ndi anthu otani, amakhala kuti? Ndikufunanso mawu ake m'Chihindi, chifukwa akamalankhulana okhaokha ndimafuna ndizimvako pamene afika pa nkhani imeneyi.

Aphunzitsi a ku Ulongwe:
Achimwene, amenewo ndi eni masheya, omwe m'Chipwitikizi timati accionistas. M'Chihindi cha m'mabuku amati anshdharak, kutanthauza wogwira gawo, koma ambiri amati sheyardharak, ndipo pocheza amangotchula la Chingerezi lomwelo. Choncho tcherani khutu pa onse atatu.

Tiyerekeze kuti anthu asanu asonkherana ndalama n'kugula chigayo ku Dómue. Wina waponya theka, enawo agawana theka linalo. Palibe amene angazule injini n'kunena kuti ndi yake, chifukwa aliyense ali ndi gawo m'chigayo chonse. Chaka chikatha amachotsa za dizilo, za wogayitsa ndi za msonkho, kenaka n'kuona zotsala. Atha kugawana molingana ndi zomwe aliyense anaponya, athanso kuzisunga kuti agulire injini ina. Pa voti sawerenga mitu, amawerenga magawo, ndiye uja wa theka akakana, anayiwo zawavuta.

Koma ndikuuzeni maganizo anga. Pa kampani yaing'ono ngati yanuyo, eni masheya nthawi zambiri amakhala bwana yemweyo ndi abale ake. Komanso malipiro a antchito amakonza ndi oyendetsa kampani tsiku ndi tsiku, si nkhani yodikira msonkhano wa pachaka wa eni masheya. Yankho akukupatsanilo ndi lothamangitsira munthu pakhomo basi.

Mayi wa ku Songo:
Aphunzitsi anena zoona, koma musaganize kuti eni masheya ndi anthu a ku Mumbai okha. Inenso ndine mmodzi, ngakhale ndimagulitsa nsomba zouma. Mu 2019 Hidroeléctrica de Cahora Bassa, kampani yopanga magetsi pa damu la Cahora Bassa, inagulitsa masheya kwa nzika za Mozambique kudzera ku Bolsa de Valores, msika wa masheya wa ku Maputo, sheya imodzi pa 3 meticais. Anagulitsa 4 peresenti ya kampaniyo. Ndinapita kubanki ndi BI (chitupa cha unzika) ndi NUIT (nambala ya msonkho) n'kugula ochepa. Damu lomwe ndimaliona tsiku lililonse lija linali m'manja mwa Apwitikizi mpaka 2007, pamene boma lathu linatenga 85 peresenti, ndiye kwa ine kugula kunali ndi kukoma kwake kupatula ndalama.

Chomwe chimasokoneza anzanga n'choti amaganiza kuti zili ngati xitique (chipereganyu), kuti mwezi wako ukafika ulandira. Ayi. Phindu limabwera pokhapokha kampani itapindula ndipo msonkhano utavomereza kugawa. Ukafuna ndalama zako supita kukaitanitsa ku kampani, umagulitsa masheyawo kwa wina pa mtengo wa tsikulo, ndipo mtengowo umatha kutsika kuposa umene unagulira.

Mkulu wa ku Matundo:
Ndiwonjezereko za mgodi, poti mwana wanga muli ku Moatize. Vale, kampani yomwe inali mwini mgodi wa malasha wa kumeneko, itachoka mu 2022, mgodi sunasunthe, njanji ya ku Nacala sinasunthe, malasha ndi omwewo. Chinasintha ndi mwini wake, amene tsopano ndi Vulcan ya amwenye. Ku Benga nakonso kampani ya Rio Tinto inagulitsa mgodi wake mu 2014 kwa ICVL, gulu la makampani a boma la India. N'chifukwa chake Chihindi chachuluka m'misewu ya Tete masiku ano.

China chimene simuyenera kuiwala: kampani ikagwa, eni masheya ndiwo omaliza kulandira. Amayamba antchito, boma ndi amene kampaniyo ili nawo ngongole, eniwo n'kutola zotsala ngati zilipo. Choncho malipiro omwe ali pa kontalakiti yanu sadikira mtima wa mwini sheya aliyense.

Dalaivala wa ku Moatize:
Zikomo bambo, zikomo nonse. Mayi a ku Songo, masheya a Cahora Bassa aja akugulikabe, kapena zinathera mu 2019?

Mayi wa ku Songo:
Akugulika, koma tsopano mugula kwa amene akugulitsa ake, osati pa 3 meticais paja. Pitani kubanki yanu mukafunse za akaunti ya masheya, mutenge BI ndi NUIT, ndipo muyambe mwafunsa ndalama yomwe amadula pogula ndi pogulitsa.