Ndithandizeni pa sewero la Lysistrata ndi mphamvu za amayi pa ndale

Moni nonse akuluakulu ndi anzanga okonda zisudzo.

Ndikulemba nkhani ya kusukulu yokhudza sewero lanthabwala la Aristophanes, mlembi wakale wa Chigiriki, lotchedwa Lysistrata, lomwe linaonetsedwa ku Athens m'chaka cha 411 BC, nkhondo ya pakati pa mizinda ya Agiriki ya Athens ndi Sparta ili mkati, ndipo ndafika pothedwa nzeru. M'seweroli amayi amapangana zokaniza amuna awo kuchipinda kufikira nkhondo itatha, komanso amalanda Acropolis, kumene kunkasungidwa chuma cha mzinda, kuti ndalama zoyendetsera nkhondo zisatuluke. Gawo limene limandigwira mtima kwambiri ndi pamene Lysistrata, mtsogoleri wa amayiwo, amauza mkulu wa boma kuti mzinda ungakonzedwe monga momwe amayi amakonzera ubweya wa nkhosa, kuutsuka, kuuchotsa zitsotso, kenako kuupota n'kuluka chovala cha anthu onse.

Vuto langa ndi lakuti amayi a ku Athens sankaloledwa kulankhula kapena kuponya voti pamsonkhano wa nzika, ndipo mbali zonse za amayi m'zisudzo zinkaseweredwa ndi amuna ovala zigoba kumaso. Ndawerenga seweroli m'Chingerezi, ndafufuza ku laibulale ndi pa intaneti, ndawerenganso Ecclesiazusae, sewero lina la Aristophanes, momwe amayi amavala ngati amuna n'kutenga ulamuliro, koma akatswiri amene ndawapeza akungotsutsana.

Kodi Aristophanes ankavomerezadi nzeru za amayi pa nkhani za boma, kapena ankangowagwiritsa ntchito pofuna kuchititsa manyazi amuna okakamira nkhondo? Chonde, amene munaphunzira zisudzo za Agiriki mozama, mundilozere buku kapena ndime ya m'seweroli imene ingandithandize kuweruza bwino nkhaniyi.