Ma icon a mafayilo andizunguza mutu, thandizani

Wa ku Kapata: Anzanga, zandivuta. Ndikulemba pulogalamu ya C# yosungira zikalata za bungwe lina la alimi muno m'Chipata. Ndikufuna fayilo iliyonse pa ListView (mndandanda wa pa zenera) izioneka ndi icon yake ngati mu Explorer. Icon.ExtractAssociatedIcon ikungondipatsa ya 32x32, ndipo ikaona njira ya pa netiweki ngati \\server ikukana n'kuponya ArgumentException. Ndathawira ku SHGetFileInfo, function ya Windows yopereka ma icon, zayenda, koma mafayilo akachuluka pulogalamu ikungofa osatsanzika. Ntchito akuifuna Lolemba.

Mkulu wa ku Katete: Mphwanga, DestroyIcon mukuiitana? Icon.FromHandle simasula handle ija, nambala yogwirira icon imene SHGetFileInfo imakupatsani. Chitani Clone, kenako handle-yo muiwononge nokha ndi DestroyIcon. Tsegulani Task Manager, pa Details onjezani GDI objects (zinthu zimene Windows imajambulira zenera), muone nambala ikukwera ngati mtengo wa feteleza. Windows imalekezera pa 10,000 pa process imodzi. Ine zinandigwera pasukulu ina, mabatani kuda bii, zilembo kusowa, a kalaliki n'kumati kompyuta aiponyera mankhwala. Masiku awiri ndikudya zitumbuwa mu ofesi ya eni, kufunafuna mzere umodzi wokha.

Wa ku Petauke: Mukudzivutitsiranji? Ikani ma PNG anuanu, PDF, Word, Excel, basi. Mlimi sadzafunsa.

Mayi wa ku Lundazi: Achimwene, pa SHGetFileInfo onjezani SHGFI_USEFILEATTRIBUTES ndi FILE_ATTRIBUTE_NORMAL, mungopereka ".pdf" osakhudza disiki kapena netiweki. Icon-yo mukaitenga kamodzi, isungeni mu Dictionary potengera extension, mathero a dzina ngati .pdf. Koma chenjerani ndi .exe, .lnk ndi .ico, iliyonse ili ndi nkhope yakeyake. Mukaziunjika pamodzi, mapulogalamu onse adzafanana ngati mapasa.

Wa ku Petauke: Mwaona mavutowo? PNG alibe handle yotayikira.

Mkulu wa ku Katete: Chinanso, SHGetFileInfo musaiitanire pa UI thread (thread yoyendetsa zenera), zenera lidzauma gwa. Koma mukaisamutsira kwina musaiwale kuyamba mwaitana CoInitialize. Ndipo musakopeke ndi SHIL_JUMBO ya 256x256, ma icon akale amatuluka kakang'ono pakona, kwinako mbee.

Wa ku Kapata: A Petauke, a kuofesi amalandira mafayilo amitundumitundu, sindingajambulire uliwonse. Ndiyesa za DestroyIcon magetsi akabwera, batire latsala 9%.

Wa ku Petauke: Imodzi ya pepala loyera ikwanira onse osadziwika. Ndanena kale.

Mayi wa ku Lundazi: Pa za magetsizo, alipo akudziwa wokonza inverter m'tauni? Yanga ikulira usiku wonse ngati nkhululu.