Holide yayamba, ana anayi, m'envelopu muli K45,000. Ndipite nawo kuti mu Lilongwe muno?

Amayi ndi abambo a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Dzina ndabisa dala chifukwa anzanga a banki m'khonde ali momwe muno.

Ndimakhala ku Area 25 cha ku Nsungwi. Ine ndimasoka zovala pakhonde, abambo akunyumba amagwira ntchito ku Kanengo. Ana tili nawo atatu: wachisamba ndi mtsikana wa zaka 9, wachiwiri mnyamata wa zaka 6, mzime ali ndi zaka ziwiri ndi theka. Sabata yatha alamu anga atitumizira wawo wa zaka 8 kuchokera ku Mponela ati adzaoneko tauni. Anabwera ndi kathumba ka mtedza ndi nkhuku, ndiye sindingadandaule, koma pakamwa pawonjezereka.

Amene muli ndi ana mukudziwa kuti holide imadya kuposa sukulu. Phala m'mawa, 10 koloko isanakwane akufuna mbatata, nsima ndikadali kuvundula wina wayamba kale kuzungulira mbaula. Shuga amene amatifikitsa milungu iwiri watha m'masiku 6. TV kuyambira m'mawa, mayunitsi akungothawa. Ndipo sukulu adzatsegulira mu September, kutali.

Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti zaka ziwiri zapitazo, atatsegulira, aphunzitsi anawauza alembe zimene anachita pa holide. Mwana wanga wamkulu analemba mizere itatu: ndinatsuka mbale, ndinasesa, ndinalera mwana wathu. Ndinalipeza kopelo ndikuchapa chikwama chake. Sanadandaule ayi, aphunzitsi anachonganso bwinobwino, koma ineyo zinandilowa.

Ndiye chaka chatha ndinati nanenso ana anga akanjoye. Ndinapita nawo malo ena osewerera ana, sinditchula. Pageti kulipira. Kulowa mkati, chodumphadumpha chija mtengo wake, kupenta kumaso mtengo wake, kagalimoto mtengo wake. Zitumbuwa ndi Sobo zimene ndinanyamula anandiuza zitsale kwa alonda, chakudya chakunja saloleza. Nanga mwana akuyang'ana anzake akudya tchipisi, mungatani? Tinachedwa kutuluka, minibasi kulibe, mpaka tinachita hayala. Tsiku limodzi lomwelo ndalama ya nsapato inapita. Ndinakakongola ku banki m'khonde, chiwongoladzanja pamwamba, mwana n'kupita kusukulu ndi nsapato yoonetsa chala mpaka October.

Chaka chino ndachenjera pang'ono. Lenti, ufa, makala, madzi ndi magetsi ndachotsa. Za September (yunifomu ziwiri ndisoka ndekha, koma nsapato, makope ndi chikwama) zili pa Mpamba, sindikuzikhudza. Zotsala ndi K45,000 imene ndatolera pa ntchito zokonza mazipi ndi kupinda mathalauza. Abambo akunyumba akuti ndalamayo iwonjezere pa feteleza wa munda wathu wakumudzi. Akuti, "Ifeyo tinakula osapita kokayenda, tinafa?"

Ndiye ndifunse. Ndi malo ati amene munthu ungapite ndi ana anayi, chakudya chako m'manja, osabwerako ndi ngongole? Komanso ana a aneba akupita ku Salima mwezi uno, anga akundifunsa tsiku ndi tsiku. Ndiwayankhe chiyani?

Mayi wa ku Chilinde: Asisi, musanawerenge ndalama werengani mipando. Geti silipha, chimapha ndi minibasi ndi pakamwa. Inuyo ndi mzime pamiyendo, mpando umodzi. Wa zaka 6 akhale pamiyendo pa mkulu wake, wachiwiri. Mlendoyo wachitatu. Kupita ndi kubwera mipando 6. Mukasankha malo ofuna minibasi ziwiri, ndi mipando 12 musanagule ngakhale filizesi. Ndiye pezani pamene mutsika kamodzi n'kuona zinthu zingapo ndi miyendo yanu. Kwa inu a ku 25 n'zosavuta: tsikani pa Area 18, yambirani pa chipilala cha asilikali chija, pamene palinso chiboliboli cha Kamuzu. Mukatero tsatani Presidential Way mpaka ku Nyumba ya Malamulo ndi ku chiliza cha Kamuzu, n'zoyandikana. Botanic Garden ilinso dera lomwelo, kokayala chitenje n'kudya. Nyamukani m'mawa dzuwa lisanakwere, ndipo adye kaye kunyumba akhute. Mwana wokhuta saona tchipisi.

Mphunzitsi wopuma ntchito, Area 47: Mwanawe, nkhani ya kope ija yandikhudza, chifukwa mutu umenewo ndaperekapo nthawi zosawerengeka osaganiza za mwana amene sanapite kulikonse. Mukafika ku chilizako musangojambula zithunzi. Muuzeni wamkuluyo atenge kope ndi pensulo. Kamuzu anamwalira mu 1997, chilizacho anachitsegulira mu 2006 nthawi ya Bingu wa Mutharika. Afunseni ana apeze ngodya zinayi zija: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Ife tinkaziloweza ngati pemphero. Akaona Capital Hill muwauze kuti likulu linali ku Zomba, linabwera kuno mu 1975. Tsiku lina la mkati mwa sabata mupite nawo ku National Library ku City Centre komweko, mabuku a ana aliko. Zidzukulu zanga zimatha maola awiri zili phee.

Bambo wa ku Kawale: Mundikhululukire amayi, koma bambo akunyumbawo akunena zoona. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 zinthu sizinabwererenso m'malo. Feteleza ndi nsima ya chaka chamawa. Zoyendayendazi n'zamabwana, tisamatengere za pa Facebook. Ana apatseni mawaya apange magalimoto, asewere phada ndi fulaye. Kapena atumizeni kumudzi akathandize agogo kutongola chimanga.

Mayi wa mapasa, Area 36: Achimwene a ku Kawale, K45,000 ikugula thumba la feteleza kuti? Tiuzeni tikagulenso ife. Ndalamayi mayiyu waipeza ndi singano yake, za sukulu wasunga kale, walakwa chiyani? Abambo ena Loweruka lililonse ali ku mpira ndi anzawo, pamenepo feteleza sakumbukika.

Bambo wa ku Kawale: Ine sindimwa, mayi.

Mayi wa mapasa, Area 36: Ndani watchula zakumwa?

Wofunsa: Chonde tisakangane. Abambo a ku Kawale, za kumudzi ndinaziganizira, koma nakonso si kwaulere. Thiransipoti ya ana, ndiye sungapite chimanjamanja kwa apongozi: shuga, sopo, mchere, mafuta ophikira. Pokawatenga chimodzimodzi. Komanso mlendo wanga wachokera kumudzi komweko kudzaona tauni, ndimubweze?

Mnyamata wa kabaza, Lumbadzi: Mami, inu muli ku 25 ndege zili pakhomo panu. Bwalo la Kamuzu lili kuno ku Lumbadzi, mukangodutsa Kanengo pa M1. Zikuluzikulu zimakonda kutera chakumasana. Kungoti kuchoka pamsewu waukulu kukafika ku bwaloko pali kamtunda, ndi ana simungayende, ndiye muwerengere thiransipoti ina. Zakudya za kumeneko musayerekeze n'komwe.

Mayi wa ku Biwi: Ku Wildlife Centre, pakati pa Old Town ndi City Centre m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, n'kwabwino. Pageti amalipiritsa, imbani kaye mumve mtengo wa ana ndi wa akulu. Koma musawalonjeze njovu ndi mikango, ine ndinalakwitsa pamenepo, wanga analira njira yonse. Kuja ntchito yawo ndi yosamalira nyama zovulala ndi zolandidwa kwa anthu ozembetsa. Chimene mukapeze ndi nkhalango yeniyeni pakati pa tauni, tinjira toyendamo, mbalame ndi apusi. Apusiwo ndi akuba, nthochi zikhale m'chikwama chotseka.

Namwino, Likuni: Wina akuuzani kuti mupite nawo ku mpira ku Bingu Stadium. Ngati mukufuna aone bwalolo, sankhani tsiku lopanda chikhamu. Tisaiwale za pa 6 July 2017, anthu 8 anamwalira pa kupanikizana polowa, ambiri anali ana. Mayi mmodzi manja ndi awiri, ana ndi anayi. Kulikonse kumene mupite, lembani nambala yanu ya foni pakapepala muike m'thumba la mwana aliyense, makamaka mlendoyo amene sadziwa Lilongwe. Madzi akumwa nyamulani anu. Mphepo ya August ndi fumbi lake imabweretsa chifuwa, majuzi asatsale.

Agogo a ku Mchesi: Ana inu, kuyenda n'kwabwino koma holide ili ndi masiku ambiri, ulendo ndi tsiku limodzi. Masiku enawo? Ine zidzukulu ndimazipatsa tsiku la masanje kuseri kwa nyumba: kaufa, tomato mmodzi, tiusipa, timiphika take. Magetsi akazima ndimati "Padangotero," iwo "Tili tonse," mpaka kugona. Za shuga zo, phikani futali. Mbatata ndi nyengo yake ino, mtedza mwati wabwera ndi mlendo, sinjani nsinjiro. Futali safuna shuga ndipo mwana amafika naye masana.

Mayi wa ku Area 49: Za ku nyanja musawanamize kuti mawa, mawa. Auzeni zoona kuti chaka chino ayi. Senga Bay ndi makilomita oposa 100 kudzera pa M14, pa minibasi ndi ana anayi envelopu yonseyo ithera panjira. Njira yake ndi gulu. Ife amayi a mumpingo mwathu timasonkha pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi ngati chiperegani, December ikafika timachita hayala basi, mpunga ndi nkhuku timaphikira kunyumba usiku. Tikafika timasamba pamchenga poyera pamene pali mafunde, osati m'mabango m'madzi odekha, kuopa likodzo. Ndipo mayi aliyense amapatsidwa ana ake owayang'anira m'madzimo. Ngati mukufuna ndilembereni ku inbox.

Bambo wa ku Area 23: Ine ndingowonjezera kamodzi. Ndalama ya ulendo isinthitseni ikhale ya mapepala, muigawe m'maenvelopu atatu, tsiku lonyamuka mutenge imodzi yokha. Foni ya Mpamba ija siyani kunyumba kapena muiwale PIN. Ine amandigonjetsa ndi mawu amodzi oti "adadi".

Wofunsa (patapita masiku 9): Ndabwera kudzathokoza komanso kupereka lipoti, poti ena munati ndidzakuuzeni.

Tinapita Loweruka. Ndinatsatira za maenvelopu atatu, K15,000 iliyonse. Usiku wake ndinakazinga mtedza, ndinawiritsa mbatata ndi mazira, Sobo ndinasungunulira m'chigubu cha malita 5. M'mawa onse anadya futali wa agogo a ku Mchesi. Tikutseka chitseko ndinangoona abambo akunyumba avala nsapato. Akuti, "Ana anayi pamsewu wa Area 18 simungawathe nokha." Sindinayankhe, ndinangowapatsa chigubu anyamule. Mpando wawo analipira okha.

Mlendo wathu wa ku Mponela ulendo wake unathera pa Area 18 pomwepo. Anaima n'kugwira dzanja la amalume ake, maso ali pa msewu wodutsa pamwamba pa unzake uja. Akuti, "Nanga zapamwambazo sizigwera zapansizi?" Tinaima pamenepo mphindi zambiri ndithu akuwerenga malole. Pa chipilala wa zaka 6 anachitira sailuti chiboliboli. Kuchoka apo kukafika ku chiliza ndi kamtunda ndithu kwa mwana, amayi a ku Chilinde simunanene, anayamba kukhala pansi mpaka bambo ake anamunyamula pakhosi, ine mzime kumsana. Aphunzitsi a ku 47, ngodya zija anazipeza zonse zinayi ndipo wamkulu wadzaza masamba awiri, ngakhale theka lake ndi nkhani ya buluzi wa mutu wabuluu amene anamuona pamtengo.

Zimene sindinakonzekere: chimbudzi. Amene mukufuna kutsatira njira yomweyi muganizirepo, ife tinavutika ndi wamng'onoyu. Komanso mphepo inatiuluzira mapepala apulasitiki onse tikudya, ana n'kumathamangitsa.

Lamulo loti sitigula kanthu panjira linasweka, koma sindinaswe ndine. Anadutsa wa ayisikilimu wa panjinga akuliza belu, ana anangondiyang'ana osalankhula chifukwa tinapangana kunyumba. Amene anamuimitsa ndi a feteleza aja. Anagula zisanu, chachisanu chawo. M'envelopu yanga munatsala K4,500, ndaiika mu yachiwiri ya ku Lumbadzi sabata yamawa. Yachitatu tikadakambirana, iwo akuti feteleza, ine ndikuti Wildlife Centre.

Amayi a ku Area 49, ndakulemberani ku inbox kuyambira Lachiwiri simunaone. Basi ya December ija malo akadalipo? Ndipo mwana wa zaka ziwiri mumamuwerengera mpando?