Mbande za paini zangoima osakula, kodi ndi senta?

Wa_pa_Kopala:
Abale ndithandizeni. Ndili ndi kanazale ka paini kuno ku Copperbelt, kufupi ndi smelter, fakitale yosungunula miyala ya copper, yomwe utsi wake kuno timati senta. Mbande zikumera bhobho koma pakapita miyezi ingapo zimangoima, masamba chikasu. Ndikang'amba chubu mizu ndi yowonda yabulawuni, zoyera zija ngati thonje zomwe ndimaona pa mbande za anzanga kulibe. Dothi ndimakumba kuseri kwa nyumba konkuno. Ndi senta ameneyu kapena matenda? Ndipopere copper oxychloride?

Mayi_wa_nazale:
Ayi ayi achimwene musapopere! Zoyerazo ndi bowa, amati mycorrhiza, amakuta timizu nkumakokera madzi ndi phosphorus, mtengo nkumamupatsa shuga, ndipo paini popanda iyeyo amangokhala choncho wopinimbira. Ndiye taganizani, copper ndi mankhwala ophera bowa, nchifukwa chake timapopera tomato, dothi lanulo lamwa kale copper wa fumbi la ku smelter zaka zonsezi ndiye inu mukufuna muwonjezere wina??

Zankhalango:
Mayiwa anena zoona koma vuto si copper yekha. Senta uja ndi sulphur dioxide, akakumana ndi chinyezi amasanduka asidi nkugwa ndi mvula. Asidiyo amatsitsa pH ya dothi (muyeso wa asidi, ikamatsika ndiye kuti asidi akuchuluka), ndipo ikatsika kupitirira 5, aluminium amasungunuka nkumawononga nsonga za mizu, malo omwewo amene bowa amagwira, komanso copper amene anangokhala phee m'dothi amayamba kulowa m'mizu mosavuta. Ku Sudbury ku Canada mapiri anayera ndi utsi wa smelter za nickel, kuyambira 1978 anayamba kuthira laimu wochepetsa asidi m'dothi kenaka kudzala udzu, mitengo inabwera pambuyo. Bowa wina ngolimba ndithu, ku Lommel ku Belgium pamalo pomwe panali smelter ya zinc anapeza Suillus luteus wopirira zinc, koma musadalire kuti wanu akhala wotero.

Wa_ku_Chikangawa:
Laimuyo samalani naye bwana, paini amakonda dothi la asidi pang'ono, mukathira wambiri muitana damping-off, mbande kuwola pakhosi nkugwa zonse. Ine ndingati dothi la kuseri kwa nyumbalo lisiyeni. Katengeni lina kutali ndi utsiwo, musakanize ndi la pamwamba la pansi pa paini wamkulu, lomwe lili ndi timizu ndi zoyerazo. Kuno timapanga choncho, osaliyanika padzuwa, bowayo amafa.

Wa_pa_Kopala:
Zikomo kwambiri akuluakulu. Nanga zomwe zili kale m'machubuzi?

Wa_ku_Chikangawa:
Zomwe nsonga ikadali yobiriwira zisamutseni mu dothi latsopanolo, mbali ya kumadzulo dzuwa litapepa. Zinazo tayani basi.