"Wapachala ngwamphepo": mphepoyo imaba kapena imangosamutsa?

Nabanda: Abale ndithandizeni. Ndimalangiza mwana wa achimwene kuti asasiye ganyu chifukwa cha ntchito yongomulonjeza, ndiye ndati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Azakhali andidula pakamwa, ati mwambiwu ngodzudzula anthu ochedwa kudya zawo, za ntchito sizikukhudzana. Akulondola ndani?

Mdzukulu wa ku Ntcheu: Agogo anga ankaunena uku akutsina fodya wopera m'kachitini. Ukawalankhulitsa fodya ali pachala ankakutukwana, ati wandidyetsera mphepo. Mayi aja Mulungu awasunge.

Aphunzitsi opuma: Nonse mwaphonya. Mphepo sitaya kanthu, imachotsa apa n'kukaunjika apo. Fumbi la ku Bodélé m'dziko la Chad limawoloka nyanja ya Atlantic mpaka kukagwera m'nkhalango ya Amazon, ndipo kumeneko limasanduka chonde. Makolo ankatanthauza kuti chimene wataya iwe chikalemeretsa wina.

Nabanda: Aphunzitsi, agogo athu Chad anaidziwira kuti?

Aphunzitsi opuma: Chad sankaidziwa mayi, koma maso anali nawo. Munda wopanda mitengo ukapsa ndi lupsa, kamvulumvulu wa mu Okutobala amanyamula dothi losalala la pamwamba, lachonde lenilenilo, n'kukusiyira miyala ndi mchenga wokhakhala. Pita kuseri kwa mpanda wa mnzako, ukalipeza litaunjikana. Milu ya mchenga m'chipululu imayendanso chomwecho: mchenga umakwera mbali yochokera mphepo n'kukagwera kuseri, mulu wonse n'kumasuntha. Ku Kolmanskop ku Namibia anthu atasiya migodi ya diamondi m'zaka za m'ma 1950, mchenga unadzaza m'zipinda za nyumba.

Wa ku Joni: Zosamutsazo ndikuvomera, koma chonde ayi. Kuno mphepo ya mu Ogasiti imakokolola milu ya dothi la m'migodi ya golide kufupi ndi Soweto. Limalowa mpaka m'mbale za m'kabati, ana n'kumatsokomola. Walemera ndani pamenepo?

Mlamu wa asodzi: Ife ku Kachulu nyanja ya Chilwa itaphwa mu 1995 tinamwa fumbi kosasimbika. Agogo ankangoti mwera sukambirana ndi munthu. Mwambi wa fodyawu ankaunena msodzi akayamba kuwerengera ndalama matemba akadali m'madzi.

Aphunzitsi opuma: Ndipo mtunda wa mchenga wolekanitsa Chilwa ndi Chiuta unaunjikidwa ndi mafunde okankhidwa ndi mphepo yomweyo. Mukundithandiza kunena. Mphepo imasemanso miyala: mchenga umadumpha chapansipansi, choncho thanthwe limadyeka kutsinde n'kutsala ngati bowa.

Mdzukulu wa ku Ntcheu: Bambo, fodya wa agogo anakamanga phiri liti? Anangopita basi.

Nachisale: Inu mukulimbana ndi tanthauzo, ana a masiku ano ndi fodya wopera yemwe samudziwa. Wanga wa Fomu 3 ndinamufunsa dzina la mphepo yochokera kumpoto, anati "aise sindikutolera". Mpoto, vuma, mwera, zonse kwa iwo ndi kamphepo.

Wa ku Joni: Anga kuno moni weniweniyo amachita kumufunafuna.

Nabanda: Ndiye azakhali ndikawayankhe chiyani madzulo ano?

Aphunzitsi opuma: Mukawafunse kuti fodya wouluzikayo amakagwera pamphuno pa ndani.

Nachisale: Aphunzitsi mwayambanso.