Zowonjezera pa funso la kaimidwe pamaso pa ogula kachewere

Mayi wina wa kopaletivu ya alimi a kachewere ku Tsangano, m'boma la Ntcheu, anafunsa za kaimidwe pofotokoza malonda kwa ogula ndi a banki. Tinati aime mowongoka, mapazi atatalikirana molingana ndi mapewa. Abweranso akuti maso ndi manja ndiye zikuwavuta.

Za maso n'zomveka, mayi. Kwathu kuno kuyang'anitsitsa wamkulu kumaoneka mwano, koma mukangozolika, a banki amaganiza kuti manambala anuwo inu nomwe simukuwakhulupirira. Yang'anani munthu mmodzi pamphumi kwa masekondi atatu, mumalize ganizo limodzi, kenako mutembenukire kwa wina wa mbali ina. Ngati pali a gulupu kapena a T/A, apatseni ulemu wawo poyamba, kuwomba m'manja ndi kupinda mawondo, koma pofika pa za ndalama wongokani.

Manja akhale pamwamba pa chiuno. Kukonzakonza chitenje kapena kugwiragwira foni kumachotsa anthu pa mawu anu. Nyamulani kachewere awiri, wamkulu ndi wapakati, kuti poonetsa magiredi manja apeze chochita. Zolemba zikhale pa kapepala kolimba; pepala lalikulu limagwedera mukachita mantha, aliyense n'kuona.

Ku Tsangano mu June ndi July kumazizira, mawu amanjenjemera. Imwani madzi ofunda, mupume mozama katatu musanaimirire. Mukatchula mtengo wa thumba khalani chete masekondi awiri. Ambiri amathamanga pamenepa ngati akupepesa, ndipo ogula akamva zimenezo amayamba kunenerera.