Thandizo la boma losabweza: timalimvera kuti asanatseke?

Mlembi wa kopaletivi ya mkaka, Ekwendeni
Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse. Komiti yandituma ndifufuze thandizo la boma losabweza. Tikufuna thanki yoziziritsira mkaka ndi sola, poti magetsi akathima mkaka wa madzulo umasasa wogula asanafike. Vuto langa ndi loti chilengezo chimandipeza kutatsala masiku owerengeka kuti atseke. Inu mumazimvera kuti? Nanga ndi mapologalamu ati amene amaitanitsa pafupipafupi, oti munthu n'kumawatchera khutu?

Wolemba mapulopozo, Katoto
Achimwene, yambani mwasiyanitsa kaye, chifukwa mamembala athu chilichonse amangoti "ndalama za boma". NEEF ndi ngongole, mudzabweza ndi chiwongoladzanja. FInES ija ya ku Reserve Bank nayonso ndi ngongole, kungoti imadzera m'mabanki ndi m'mabungwe obwereketsa. CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, imadutsa ku khonsolo, ndipo ntchito yake ndi milatho, mijigo, midadada ya sukulu. Thanki ya kopaletivi musaiyembekezere kumeneko.

Zosabweza kwa alimi nthawi zambiri zimakhala m'mapulojekiti a unduna omwe ndalama zake zachokera kunja. Inu yang'anani AGCOM, pulojekiti yolimbikitsa ulimi wa bizinesi. Ili pansi pa Unduna wa Zaulimi, inayamba mu 2018 ndi ndalama za World Bank zokwana madola 95 miliyoni, ndipo gawo lachiwiri linabwera mu 2023. Ubwino wake ndi woti saitanitsa kamodzi n'kutseka mpaka kalekale, amabwereza. Mumayamba ndi concept note, kalata yaifupi yofotokoza ganizo lanu, ikadutsa m'pamene mumalemba bizinesi pulani yonse. Ine ndimagula The Nation ndi The Daily Times, n'kumaonanso masamba awo a Facebook.

Mlangizi wa zaulimi
Abwana a ku Katoto anena zoona, koma pa nyuzipepalapo nditsutseko pang'ono. Nkhani ikamafika m'nyuzipepala ndiye kuti ku ofesi inamveka kale. Pulojekiti isanalowe m'boma lililonse imakafotokozedwa ku DEC, komiti ya akuluakulu a nthambi zosiyanasiyana ku khonsolo, ndipo za ulimi zimakambidwa ku DAECC, komiti yogwirizanitsa ulangizi wa zaulimi m'bomalo. Kuchoka apo uthenga umatsikira ku ma EPA, maofesi a zaulimi a m'madera. Tsono ngati kopaletivi yanu sidziwika kwa a AEDC, mkulu wa EPA ya kwanu, komanso kwa ofisala woona za ulimi wa bizinesi ku ofesi ya zaulimi, adzakuimbirani ndani? Pitani mukalembetse dzina la kopaletivi, chiwerengero cha mamembala, amayi angati, achinyamata angati, malita angati pa tsiku. Musamangoonekera nthawi ya ndalama yokha ayi. Muziwaitana pa msonkhano wanu wapachaka, adzaone mabuku anu ndi maso awo.

Msungichuma wa kopaletivi ya uchi, Nkhata Bay
Yewo a Mlangizi. Ine ndiwonjezere zimene zimagwetsa anthu, chifukwa kumva msanga pakokha sikuthandiza. AGCOM sipereka ndalama yonse. M'gawo loyamba iwo ankapereka 70 peresenti, kopaletivi 30, ndipo mwa 30 imeneyo 10 inkayenera kukhala ndalama yeniyeni ku banki, yotsalayo zinthu monga njerwa, mchenga ndi ntchito ya manja. Za gawo latsopanoli werengani chilengezo chenichenicho, musadalire za m'maluwa.

Njerwa anthu amaumba mosavuta. Ndalama ija ndiye nkhondo. Kwathu tinkakhala pansi pa mtengo wa mango ndi kope la masheya, ine kuitana mayina mmodzimmodzi. Wina akuti dikirani ndigulitse kondowole, wina watulutsa ndalama zopindapinda pa mfundo ya chitenje, zosakwana n'komwe sheya imodzi. Zimenezi sizitheka m'masabata awiri. Panopa timadula kangachepe pa botolo lililonse la uchi n'kuika ku akaunti yapadera, kaya kuli chilengezo kaya kulibe.

China, funsani za pulogalamu ya TRADE, ya ndalama za IFAD, bungwe la UN lothandiza ulimi. Imagwira m'maboma osankhidwa, kuno ku Nkhata Bay ndi ku Rumphi ilipo, ndipo mkaka ndi uchi zili m'gulu la zomwe amathandiza. Koma muyambe mwafunsa ngati dera lanu lili momwemo, mungataye nthawi pachabe.

Mlembi wa kopaletivi ya mkaka, Ekwendeni
Zikomo amayi. Satifiketi yochokera kwa Registrar wa makopaletivi ku Unduna wa Zamalonda tili nayo, akaunti ilipo. Chatsala n'chiyani?

Wolemba mapulopozo, Katoto
TPIN (nambala ya msonkho) ya ku MRA, malamulo a kopaletivi, ma minitsi osainidwa, sitetimenti ya ku banki yoonetsa kuti ndalama zimalowa ndi kutuluka, ndi umboni wa malo omwe thankiyo idzakhale. Koma chachikulu ndi wogula. AGCOM maziko ake ndi mgwirizano pakati pa alimi ndi wogula wodziwika. Popanda kalata ya wogula, ngakhale Chingerezi chanu chikhale chokoma bwanji, simupita patali. Zonsezi ikani m'fayilo imodzi, muzijambulenso zikhale m'foni.

Wapampando wa gulu la achinyamata, Luwinga
Ine pepani, ndinene zakukhosi. Zinthu izi zimachedwa mpaka mtima kuwawa. Mumatenga makotesheni lero, ndalama n'kudzatuluka mitengo itasintha. Kumbukirani kuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Thanki ndi mabatire a sola n'zochokera kunja. Amene analemba bajeti kugwako kusanachitike anapezeka ndalama yomwe anapempha sikukwananso. Ndiye n'zoyeneradi kuvutikira?

Msungichuma wa kopaletivi ya uchi, Nkhata Bay
Mwana wanga, kuchedwa kulipodi, sindikana. Koma yerekezani ndi ngongole ya ku banki ya thanki yomweyo, chiwongoladzanja chikuthamanga ng'ombe zili m'chilimwe mkaka wachepa. Chofunika n'kuuza mamembala poyera kuti si za mwezi wamawa, bizinesi ipitirire ngati kulibe kanthu. Pa makotesheni, uzani wogulitsa alembe tsiku ndi nthawi yomwe mtengowo ugwire ntchito, kuti pokakambirana zosintha bajeti mukhale ndi pepala m'manja.

Mlangizi wa zaulimi
Chenjezo limodzi. Pakuyenda mauthenga pa WhatsApp okhala ndi chizindikiro cha boma, akuti tumizani ndalama ya fomu pa foni kuti dzina lanu lilowe. Nambala yake ya munthu wamba. Musatumize. Mukakayika, bwerani nawo uthengawo ku EPA kapena ku Mzuzu ADD, ofesi yaikulu ya zaulimi, tidzauone limodzi.

Mlembi wa kopaletivi ya mkaka, Ekwendeni
Ndamva akuluakulu. Lolemba ndiyambira ku EPA ndi mndandanda wa mamembala, ndipo nkhani yodula pa lita ndikaiika pa msonkhano wa komiti. Wogula tili naye koma timangogwirizana pakamwa. A ku Katoto, kalata yakeyo imafunika kunena chiyani?

Wolemba mapulopozo, Katoto
Malita amene azitenga, mtundu wa mkaka womwe akufuna, momwe mtengo uzikhazikitsidwira, ndi kutalika kwa mgwirizano. Asaine onse awiri, adinde. Ndikutumizirani chitsanzo madzulo ano, muchotse dzina la mbewu muikepo mkaka.